Kutsekula m'mimba kumene kunkangobwerabwera: zimene tinadutsamo ndi amayi komanso mwana wanga

Amayi anga anadwala chibayo mu Januwale 2023. Amakhala kumudzi cha ku Jali, koma atayamba kubanika tinakawatenga kuti adzakhale nafe kuno ku Matawale. Anagonekedwa m'chipatala masiku 6, ine ndili gadiyani, ndipo tsiku lililonse ankawabaya jakisoni wa ceftriaxone. Potuluka anawapatsa makapusozi a amoxicillin oti akamalizire kunyumba. Chibayo chinatheratu. Mankhwala amenewo ndi amene anapulumutsa moyo wawo, ndipo ndanena zimenezi poyambirira penipeni kuti wina akawerenga nkhaniyi asadzakane jakisoni pamene akufunikadi.

Patatha sabata ndi theka chitulukireni, amayi anayamba kutsekula m'mimba. Mukukumbukira mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Kolera, imene inabuka ku Machinga mu Malichi 2022, inali itafika ponseponse, moti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira, ndipo pomwe mliriwo unkatha anthu oposa 1,700 anali atatisiya. Munthu akangothamangira kuchimbudzi kawiri, mtima wa aliyense m'nyumba unkakhala m'mwamba. Tinawatengera kuchipatala usiku womwewo pa kabaza wa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno. Anawaona n'kunena kuti si kolera. Chimbudzi cha kolera chimakhala ngati madzi otsukira mpunga ndipo chimatuluka chambiri nthawi imodzi. Cha amayi chinali chamadzi ndithu, koma chachikasu chopita kobiriwira, choterera, ndipo fungo lake linali lachilendo, loti ukalimva kamodzi sungaliiwale. Ankapita kasanu ndi kawiri, mwina kasanu ndi katatu pa tsiku, m'mimba mukupota, thupi likutentha pang'ono. Anatipatsa Thanzi ORS n'kutiuza kuti tibwerere zikapitirira.

Sindinabwerere msanga. M'malo mwake ndinachita zimene ambirife timachita: ndinapita pa kagolosale kena n'kugula Cipro, ndipo ataona kuti sizikusintha, achemwali anga anabweretsa Bactrim amene anatsala kunyumba kwawo. Tinkaganiza kuti tikuthandiza. Pano ndikudziwa kuti tinkathira parafini pamoto, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima ndikakumbukira mmene amayi ankamezera mapiritsi amenewo mondikhulupirira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinabwerera kuchipatala ndipo anawalembera Flagyl. Patangotha masiku atatu kutsekula kunachepa, pofika kumapeto kwa sabata kunasiya. Amayi ankadandaula kuti m'kamwa mukumveka ngati anyambita chitsulo, koma anamaliza mankhwala onse. Tinapuma. Anayamba kukamba zobwerera kumudzi chifukwa chimanga chinali chikufuna kubandira. Patatha masabata awiri, m'bandakucha, ndinamva chitseko cha kumbuyo chikutseguka katatu motsatizana, kenako fungo lija. Anawapatsanso Flagyl, kunasiyanso, ndipo mu Malichi, masiku omwe mvula ya namondwe Freddy inkagwa osalekeza, kunabweranso kachitatu.

Apa m'pamene ndinasowa pogwira. Amayi anali ataonda moti chitenje ankachizunguliza kawiri. Munthu amene ankalima yekha munda wonse ankalephera kunyamula ndowa yaing'ono ya madzi osamba. Anayamba kukana kudya poganiza kuti akapanda kudya sapita kuchimbudzi, ndipo choipa kwambiri chinali manyazi. Usiku wina sanafike kuchimbudzi. Ndinawapeza m'mawa akuchapa okha zofunda kuseri kwa nyumba, mvula ikuwavumba, kuopa kuti mkamwini wawo angaone. Ndinawalanda beseni, iwo n'kungoti, “Mwanawe, ndiperekeze kwathu ndikafere pa mphasa yanga.”

Zonena za anthu nazo zinachuluka. Ena ankati ndi zakumudzi, wina wawachita chipongwe chifukwa cha malire a munda. Ena ankanong'ona za kachilombo. Azakhali anabwera ndi masamba a gwafa ndi makungwa oti tiwiritse. Za kachilombozo sitinazinyoze, amayi anayezetsa magazi ndipo anapezeka kuti alibe. Ndikulimbikitsa aliyense amene akutsekula mobwerezabwereza kuti ayezetse, chifukwa zoyambitsa vutoli n'zambiri: HIV, amoeba, giardia, njoka za m'mimba, TB ya m'matumbo, ngakhale khansa. Nkhani yanga ndi ya chimodzi chabe mwa zimenezi, chimene ambiri sitinachimvepo.

Chimene chinatsegula njira chinali kabuku ka kuchipatala ndi kope la mwana wa sukulu. Bambo a ana ndiwo anati tilembe zonse motsatana, popeza tikafika pamaso pa adokotala timangoti “akutsekula” basi, zam'mbuyo osazitchula. Tinakhala pansi usiku ndi kandulo n'kulemba: tsiku limene anagonekedwa, dzina la jakisoni, makapusozi a kunyumba, tsiku limene kutsekula kunayamba, Cipro ndi Bactrim zimene tinagula tokha, Flagyl woyamba, masiku amene anakhala bwino, Flagyl wachiwiri. Tinalembanso omeprazole amene amayi ankamwa pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka ziwiri chifukwa cha chilungulira. Ndinafuna kubisa zogula pagolosale zija poopa kukalipiridwa, koma bambo a ana anakana.

Adokotala amene tinawapeza ulendo umenewu anawerenga pepala lonse mwakachetechete, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenako anafunsa funso limodzi: “Mayi, kutsekulaku kusanayambe mu Januwale, agogowa anali ndi vuto la m'mimba?” Ndinati ayi. Anati akukayikira kabakiteriya kotchedwa Clostridioides difficile, kamene madokotala amangokatchula kuti C. diff, ndipo anatifotokozera modekha. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ambirimbiri abwino, amene amathandiza kugaya chakudya komanso amatsekereza malo kuti oipa asamere. Mankhwala opha mabakiteriya, amene timati maantibayotiki, sasankha. Akamapha oyambitsa chibayo m'mapapo, amaphanso abwino a m'matumbo. C. diff ndiye safa ndi mankhwala ambiri amenewa, choncho akapeza malo ali pululu amaswana n'kuyamba kutulutsa poizoni amene amatupitsa matumbo aakulu. Mankhwala amene amadziwika kwambiri potsegulira kabakiteriyaka njira ndi ceftriaxone ndi anzake, ciprofloxacin (Cipro uja), clindamycin komanso amoxicillin. Anthu opitirira zaka 65, amene agonapo m'chipatala posachedwa, ndi amene amamwa mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba ngati omeprazole, ndiwo amagwidwa kwambiri. Amayi, a zaka 68, anali nazo zonsezi.

Ndinafunsa chifukwa chake matendawa ankatha n'kubweranso. Anati kabakiteriyaka kakaona kuti zinthu zavuta kamasanduka timbewu tolimba kwambiri, timene mankhwala satipha. Timbewuti timatsala m'matumbo, timatsalanso pa chitseko cha chimbudzi, pa ndowa, pa zofunda, ndipo timatha miyezi tili moyo. Mankhwala akatha, mabakiteriya abwino asanabwerere m'malo mwake, timbewu tija timamera. Amayi, amene nthawi yonseyi anali chete atazolika, anadzutsa mutu n'kunena kuti, “Ndiye kuti ndi kaufiti.” Adokotala anavomera kuti palibe fanizo loposa limenelo. Aliyense amene analimapo chimanga pa nthaka yoguga akudziwa: umazula kaufiti chaka chino, mbewu zake zili m'dothi, chaka chamawa wameranso, ndipo amakonda munda wotha chonde. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kunena zoti wina wawalodza. Matendawo anali atawamvetsa m'njira yawoyawo.

Anatiuzanso kuti kubwereraku si kwachilendo. Pa anthu 5 kapena 6 amene adwala C. diff koyamba, mmodzi amadwalanso pasanathe masabata 8, ndipo amene wabwerezedwa kamodzi amakhala pachiopsezo chachikulu choti abwerezedwenso. Mawu amenewa anandichotsera katundu wina, chifukwa ndinkaganiza kuti mwina ine ndi amene sindikusamala bwino pakhomo.

Kuyeza kwake sikofanana ndi kuyang'ana njoka pa maikulosikopu. Amafufuza poizoni wa kabakiteriyako m'chimbudzi, ndipo amayeza chimbudzi chamadzi chokha, cha munthu amene watsekula katatu kapena kuposa pa maola 24. Ife tinachita kutumiza ku labu ina yolipira ku Blantyre. Bambo a ana anakwera minibasi ya m'mawa, kabotolo kali m'kachikwama kozizira kamene tinabwereka, chifukwa poizoniyo amawonongeka msanga pakatentha ndipo zotsatira zikhoza kunama. Yankho litabwera linatsimikiza zimene adokotala ankaganiza.

Flagyl sanafune kumubwerezanso kachitatu. Anati amathandiza ndithu pa ulendo woyamba ngati matenda sanakule ndipo palibe mankhwala ena, koma kuyambira 2017 malangizo a akatswiri a ku America anasiya kumuika patsogolo kwa akuluakulu, ndipo munthu akamumwa mobwerezabwereza amawononga mitsempha. Amayi anali atayamba kale kudandaula dzanzi ku zala za kumapazi, ife n'kumati ndi ukalamba. Mankhwala amene anasankha ndi vancomycin, ndipo apa pali chinthu chimene chinandidabwitsa. Vancomycin ndi mankhwala a m'dripu, koma pa matenda awa ayenera kumwedwa. Akalowa kudzera m'mitsempha safika m'matumbo mmene muli vuto, pamene akamwedwa salowa kwenikweni m'magazi, amangotsika m'matumbomo n'kugwira ntchito pomwepo. Makapusozi ake sitinawapeze. Tinapeza timabotolo ta ufa ta jakisoni, ta 500 mg, ndipo a ku famase anatiphunzitsa kusungunula ndi kuyeza ndi sirinji yopanda singano. Kabotolo kamodzi kankakwana tsiku limodzi: 125 mg kanayi.

Chifukwa choti matendawa anali atabwerera kale kawiri, sanangolemba masiku 10 basi. Anakonza zoti mankhwala azichepa pang'onopang'ono: kanayi pa tsiku kwa masabata awiri, kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi, kamodzi pa tsiku kwa sabata ina, kenako kamodzi pa masiku atatu alionse kwa masabata ena angapo. Cholinga chake n'chanzeru. Masiku amene munthu sakumwa, timbewu tija timamera poganiza kuti kwacha, mankhwala otsatira n'kutipeza titamera n'kutipha, uku mabakiteriya abwino akupeza mpata wobwerera. N'chimodzimodzi kudikira udzu umere kaye kenako n'kupalira.

Sizinali zophweka. Ndalama zake zinatipweteka, moti tinagulitsa mbuzi ziwiri za amayi ndipo achimwene a ku Johannesburg anatumiza zina. Mankhwala osungunula amafuna furiji, ife tilibe, ndiye tinkasunga kwa aneba. Magetsi akazima nthawi yaitali tinkataya kabotolo n'kusungunula kena, mtima ukuwawa. Kuwawa kwake m'kamwa n'koopsa, ndipo tinkathira m'kapu ya Sobo wosungunula pang'ono monga anatilangizira. Ndinajambula mabokosi pa kalendala ya kukhoma, ndipo bokosi lililonse amayi ankalichonga okha ndi pensulo akamwa. Wa 10 koloko usiku ndi amene ankavuta, chifukwa ankakhala atagona kale. Pofika tsiku lachinayi maulendo a kuchimbudzi anatsika kufika pa atatu. Tsiku lachisanu ndi chitatu anapempha nsima ya therere.

Omeprazole uja adokotala anawasiyitsa ataona kuti panalibe chifukwa chokwanira chomwera tsiku ndi tsiku. Anatiletsanso mwamphamvu loperamide, timapiritsi toimitsa kutsekula timene anthu amagula akakhala pa ulendo. Pa matenda awa timatsekera poizoni m'kati, ndipo matumbo akhoza kutupa mpaka kuika moyo pangozi. Anatipatsa zizindikiro zoti tikaziona tisadikire kuti kuche: mimba kufufuma ndi kulimba, makamaka kutsekula kukasiya mwadzidzidzi mimba n'kumakula, thupi kutentha kwambiri, magazi m'chimbudzi, kusakodza tsiku lonse, kapena wodwala kuyamba kusokonezeka mutu.

Amayi ali pakati pa mankhwala amenewa, mwana wanga wamwamuna wa zaka 5 anayamba kutsekula. Masabata atatu m'mbuyomo anali atadwala khutu ndipo anamwa amoxicillin wa madzi, wolembedwa bwinobwino kuchipatala. Mwanayu ndi anganga ake salekana. Amadya mbale imodzi, amagona masana pa mphasa imodzi, ndipo ndi iye amene ankathamanga kukawatengera ndowa. Nditamva fungo lija m'kabudula wake, miyendo inandizizira. Ulendo uno sindinagule kanthu pagolosale. Ndinatenga kabuku kake ndi ka amayi n'kupita nazo zonse ziwiri.

Kwa ana zinthu zimasiyanako. Pa ulendo woyamba, matenda akakhala osakula, Flagyl amagwiritsidwabe ntchito, ndipo mlingo amawerengera pa sikelo, osati pa zaka kapena pongoyerekeza theka la piritsi la munthu wamkulu. Mwana wanga anamwa masiku 10 n'kuchira, koma patatha masiku 12 zinayambiranso. Apo anamupatsa vancomycin wakumwa kwa masiku 10. Mlingo wa ana ndi 10 mg pa kilogalamu iliyonse, kanayi pa tsiku, koma osapitirira 125 mg nthawi imodzi. Iye ankalemera makilogalamu 18, choncho anafika pa mlingo wofanana ndi wa anganga ake. Izi zinatithandiza m'njira imene sitinaiganizire. Mwana amene ankalavula mankhwala alionse ankakhala pa mwendo wa anganga, aliyense kapu yake m'manja, iwo n'kumati, “Tiye timwere limodzi, ine ndiyambe.” Atamaliza masiku 10 amenewo sizinabwererenso.

Chimene chimapha mwana msanga pa kutsekula kulikonse ndi kutha madzi m'thupi, ndiye Thanzi sankachoka pa tebulo: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kumwetsa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachoka kuchimbudzi, ndipo otsala kutaya pakatha maola 24. Ndinkayang'ana maso ake ngati alowa m'kati, ngati akulira popanda misozi, ngati akukodza. Sindinasiye kumupatsa chakudya. Phala la mgaiwa, nthochi zakupsa, mpunga, mbatata yophika, chilichonse chimene walandira.

Ndili ndi khanda lina, limene nthawi imeneyo linali ndi miyezi 9, ndipo ndinapempha kuti naloso liyezedwe. Adokotala anakana, n'kufotokoza kuti makanda ambiri osakwana chaka amakhala nako kabakiteriyaka m'matumbo koma sikawadwalitsa. Ndipotu kanapezeka koyamba mu 1935 m'chimbudzi cha makanda athanzi, ndipo zoti n'kamene kamadwalitsa anthu amene amwa maantibayotiki zinadziwika mu 1978. Kuyeza khanda kukanangotipatsa mantha ndi mankhwala osafunika. Anati ndipitirize kuyamwitsa, ndizisamba m'manja bwino ndikasintha thewera, basi. Chimodzimodzinso ine ndi bambo a ana, popeza sitinkatsekula, panalibe chotiyezera kapena kutipatsa mankhwala.

Kudwala kwa mwanayu kunandionetsa kuti ukhondo umene ndinkaudalira sunali wokwanira pa matenda awa. Pakhomo panga ndimasesa, ndimakolopa, madzi akumwa ndimathira WaterGuard. Kuchokera nthawi ya Covid tinazolowera sanitaiza, ndipo kabotolo kake kankakhala pa zenera la chimbudzi. Koma sanitaiza sapha timbewu ta C. diff. Sopo nayenso satipha, koma ukapaka bwino n'kutsukuluza ndi madzi oyenda, timachoka m'manja n'kupita ndi madziwo. Mawu oti madzi oyenda ndi ofunika. Kwathu tisanadye nsima tinkasamba m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu kutsirizira mwana, ndiye taganizani madzi amene mwana wanga ankasambamo pomalizira. Tinasiya. Tsopano wina amathirira mnzake ndi jagi, sopo ali pomwepo, ndipo ngakhale alendo tinawazoloweza. Amayi poyamba anaona ngati tikuwasala. Ndinawauza kuti ndi lamulo la nyumba yonse, ndipo woyamba kuthiriridwa tsiku limenelo anali mkamwini wawo.

Chimene chimapha timbewuti ndi kolorini. Jik wa m'sitolo amakhala wa 3.5 peresenti, ndipo tinkasakaniza kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi, monga mmene a zaumoyo ankaphunzitsira nthawi ya kolera. Tinkasakaniza watsopano m'mawa uliwonse chifukwa akagona mphamvu imachepa. Choyamba kutsuka malowo ndi sopo, chifukwa kolorini sagwira bwino pa litsiro, kenako kupaka madzi a Jik n'kuwasiya anyowe mphindi 10 osapukuta. Malo amene ndinkaiwala kale ndi amene anali ofunika kwambiri: chogwirira chitseko cha chimbudzi mbali zonse ziwiri, loko wake, mpopi, chigubu chothirira madzi, ndowa ya usiku ndi chivundikiro chake, ndodo imene amayi ankayendera. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya woopsa. Zofunda ndi zovala zoipitsidwa ndinkachapa pazokha ndi madzi otentha, nditavala magolovesi, n'kuyanika padzuwa. Mphasa imene ankagonapo masana tinaitentha, popeza mphasa sungaitsuke m'kati mwake.

Tsiku lina ndinafunsa adokotala kuti zikabweranso tidzatani, chifukwa mbuzi zinali zitatha. Anatchula mankhwala ena otchedwa fidaxomicin, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 10. Ubwino wake ndi woti sawononga kwambiri mabakiteriya abwino, choncho matenda sabwerera kawirikawiri poyerekeza ndi vancomycin, ndipo ku America anawavomereza mu 2011 kwa akuluakulu, mu 2020 n'kuvomerezanso kwa ana oyambira miyezi 6. Ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo ife titafunsa m'mafamase sitinawapeze. Anatchulanso njira ina imene amayi ataimva anagwira pakamwa: kutenga chimbudzi cha munthu wathanzi, choyezedwa bwino ndi kukonzedwa mu labu, n'kuchiika m'matumbo a wodwala kuti mabakiteriya abwino abwerere, ngati kuthira manyowa m'munda woguga. Pa kafukufuku wa ku Amsterdam amene anatuluka mu 2013, anthu 15 mwa 16 amene anathandizidwa motere anachira. Ndikutchula njirayi chifukwa mukafufuza pa intaneti muipeza, pamodzi ndi anthu ophunzitsa kuchita zimenezi kunyumba. Chonde musayerekeze. Mu 2019 ku America munthu anamwalira atalandira chimbudzi chimene chinali ndi bakiteriya wosamva mankhwala, ndipo zimenezo zinachitikira m'chipatala. Nanga kuno kumene tayifodi, njoka za m'mimba ndi matenda a chiwindi zili pakati pathu?

Amayi anachonga bokosi lomaliza kumapeto kwa Meyi. Ndinkafuna kuti tiyezetsenso kuti titsimikize, koma anatiuza kuti sizithandiza. Munthu akhoza kuchira bwinobwino koma kuyeza n'kumaonetsabe kabakiteriyako kwa masabata ambiri, ndipo chimene amayang'ana ndi ngati kutsekula kwasiya. M'mimba simunakhazikike tsiku limodzi. Kwa mwezi wathunthu ankati akadya nyemba kapena zamafuta, m'mawa mwake chimbudzi chinkafewa, ine mtima n'kuyamba kugunda. Ndinaphunzira kuwerenga m'malo mochita mantha: kamodzi kapena kawiri si kanthu, katatu kamadzi pa tsiku kwa masiku awiri ndiye tipite. Sizinafike pamenepo. Tinkawapatsa chambiko ndi thobwa chifukwa ankazikonda ndipo zinkawabwezera thupi, koma sindinganene kuti n'zimene zinawachiritsa, ndipo musalole wina akugulitseni timabotolo todula ponena kuti tilowa m'malo mwa mankhwala. Masamba, nyemba ndi zipatso tinkawonjezera pang'onopang'ono, popeza mabakiteriya abwino aja amadya zimenezi.

Pali anthu amene sindikufuna kuti andimve molakwika. Ngati mumamwa Bactrim tsiku lililonse pamodzi ndi ma ARV, kapena muli pa mankhwala a TB, musasiye chifukwa cha nkhani yanga. Mukayamba kutsekula pitani mukanene, adokotala ndiwo aone chochita. Amene ndikulankhula nawo kwenikweni ndi anzanga amene tili ndi kachitini ka mapiritsi otsala pamwamba pa kabati, amene mwana akangotentha thupi kapena kutsokomola timathamangira makapusozi awiri a pagolosale. Kutsekula m'mimba kwambiri, makamaka kwa ana, kumayamba ndi mavairasi ndipo kumatha ndi Thanzi ndi zinc, popanda Flagyl kapena Bactrim. Chimfine nacho sichimva amoxicillin. Kachitini kanga ndinakakhuthula, ndipo achemwali anga, amene poyamba anakhumudwa poganiza kuti ndikuwaloza chala, anadzakhuthulanso kawo ataona mmene mwana wanga anavutikira.

Ndipo ngati wina kwanu wayamba kutsekula ali pa maantibayotiki, kapena pasanathe miyezi itatu chimalizireni, kaya ndi wamkulu kaya ndi mwana wopitirira zaka ziwiri, lembani pa pepala mankhwala onse amene wamwa ndi masiku ake, kuphatikizapo ogula nokha ndi opatsidwa ndi achibale. Mukafika nenani poyambirira, musadikire kufunsidwa. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo adokotala amakhala ndi mphindi zochepa, sangalote zimene zinachitika miyezi iwiri yapitayo. Mukhozanso kufunsa mwaulemu kuti, “Adokotala, kodi sizingakhale C. diff?” Ngakhale pamene kuyeza sikutheka, mbiri yokhayo imawathandiza kusankha mankhwala oyenera ndi kupewa amene angawonjezere vuto.

Masabata 8 atakwana popanda chilichonse, kumayambiriro kwa Ogasiti, tinawaperekeza amayi ku Jali. Tisananyamuke adokotala analemba ndi cholembera chofiira pa tsamba loyamba la kabuku kawo, ndi la mwana wanga, kuti anadwalapo C. diff yobwereza mu 2023. Chaka chotsatira amayi anadwala chikhodzodzo ali kumudzi, ndipo anapita okha kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Asanafotokoze n'komwe chimene chikuwapweteka anatsegula tsamba lija n'kuloza mawu ofiirawo. Amene anawaona anawerenga, anaganiza pang'ono, n'kuwalembera nitrofurantoin, amene sasokoneza kwambiri m'matumbo, m'malo mwa Cipro. Anandiimbira madzulo ake pa foni ya mdzukulu wawo kundiuza dzina la mankhwalawo chilembo chimodzichimodzi kuti ndilembe m'kope muja. Ndinawerenga masabata 8 kuchokera tsiku limene anamaliza, ndikuimba Lamlungu lililonse, ndipo m'mimba munakhala bwino.